Zaka 100 Zidadza Tsiku Limodzilimodzi

Mawu amene katekista wa ku Nsadzo adalankhula pamsonkhano wa akhristu, madzulo otsogolera Misa ya chikondwerero



Akuluakulu okonza chikondwererochi adandipempha kuti ndinenepo mawu pa za nthawi, m'mene imadzera ndi m'mene imatisiyira. Za mbiri ya parishi yathu ena alankhula kale, ndipo za nyumba zimene tifuna kumanga ena adzalankhula mawa. Gawo langa ndi laling'ono. Ndifuna kuti tiganizire pamodzi za chinthu chimene tonse tidalandira mofanana, mfumu ndi mwana yemwe, wolemera ndi wosauka yemwe, ndicho tsiku.

Pa nsalu zimene amayi avala padindidwa nambala 100, ndipo ndamva ana akuiwerenga mokweza. Koma ndifunse: kodi alipo pakati pathu amene adaziona zaka zimenezi ndi maso ake, kuyambira tsiku loyamba kufikira lero? Ngakhale patapezeka gogo wa zaka zotere, nthawi imeneyo adali khanda kumsana kwa amake. Amene adasenza mitengo ya tchalitchi choyamba, amene adagwada pa Misa yoyamba osamva Chilatini cha wansembe, onsewo adatsogola. Ifenso amene tikuvina lero sitidzakhalapo pamene adzukulu a adzukulu athu adzadinda nambala 200. Zaka 100 ndiwo masiku opitirira 36,500, masabata opitirira 5,200, ndipo palibe munthu amene adapatsidwa masikuwo mumtolo umodzi. Adadza limodzilimodzi, lililonse ndi m'mawa wake ndi madzulo ake, lililonse ndi madzi ofunika kutunga ndi nsima yofunika kuphika. Chimene tikukondwerera, tsono, ndi masiku wamba a anthu wamba, amene adawasunga bwino nawapatsirana.

Makolo athu adalibe wotchi, koma sadali osokera pa za nthawi. Tambala woyamba akalira, wapaulendo ankamanga katundu wake. Nthanda ikatuluka kum'mawa, amayi ankayamba kusinja, ndipo mudzi wonse unkadzuka ndi kugunda kwa misi m'mitondo. Mame akali pa udzu, khasu lidali kale m'nthaka. Dzuwa likafika paliwombo, mthunzi utabisala kunsi kwa mapazi, mlimi ankakhala pansi pa mtengo ndi chipanda cha thobwa. Likapendeka, ana ankakusa mbuzi; nkhuku zikalowa m'khola, moto unkayaka pamafuwa; ndipo chisisira chikagwa, madoda ndi anyamata ankasonkhana kumphala, agogo nayamba nthano. Munthu popangana ndi mnzake sankatchula nambala. Ankaloza kumwamba ndi dzanja, nati dzuwa likadzafika apo mudzandipeza. Gawo lililonse la tsiku lidali ndi ntchito yake, ndipo munthu wodziwa nthawi adali amene achita ntchito ya m'mawa kukali m'mawa.

Chaka nachonso ankachiwerenga ndi mwezi wakumwamba ndi mvula. Chizimalupsa chikagwa pa nthaka yopserera, aliyense ankayang'ana mpini wa khasu lake. Msangu ukayamba kuyoyola masamba pamene mitengo inzake ikuphuka, ankadziwa kuti dzinja lafika. Dzinja lidali la kubzala, kupalira ndi kubandira. Masika adali a dowe, maungu ndi nzimbe. Chisanu chidali cha kukolola ndi kuluka nkhokwe. Chilimwe chidali cha kufolera nyumba, kusaka mbewa, maukwati ndi magule. Msinkhu wa munthu ankaukumbukira ndi zochitika: uyu adabadwa chaka cha dzombe, uyo chaka cha njala. Ndipo taonani nzeru imene idabisala m'moyo umenewu. Zonse za pamudzi zidali zotha. Denga la udzu limawola, nkhokwe imadyedwa ndi chiswe, mbiya imasweka, mphasa imang'ambika. Makolo sankadabwa nazo, ndipo sankataya nazo mtima. Chilimwe chilichonse ankamweta udzu wina, chisanu chilichonse ankadula nsungwi zina. Mudzi unkakhalitsa chifukwa anthu ake sankatopa kubwereza.

Sabata la masiku 7 lidadza ndi alendo, ndipo ife a kuno tidalilandira m'zilankhulo ziwiri. Amene tidaphunzira m'Chipwitikizi kusukulu ya kumishoni tikukumbukira m'mene mayina a masiku ankatizunguzira mutu. Tsiku limene kunyumba tikuti Lachiwiri, mphunzitsi akuti terça-feira, ndiye kuti lachitatu. Limene ife tikuti Lachisanu, iye akuti sexta-feira, lachisanu ndi chimodzi. Kodi wolakwa kuwerenga ndani? Palibe adalakwa, kusiyana kuli poyambira. Mayina athu a Chichewa amayambira pa ntchito yolembedwa. Lolemba ndilo tsiku lolemba anthu ntchito, ndipo kuchokera pamenepo tiwerenga lachiwiri, lachitatu, kufikira Loweruka, tsiku loweruka ku ntchitoyo. Mayina a Chipwitikizi adachokera m'kawerengedwe ka Eklezia, kamene Martinho woyera, episkopi wa ku Braga, adakalimbikitsa m'zaka za m'ma 500, pokana kuti akhristu azitchula masiku ndi mayina a milungu yachikunja. M'kawerengedwe kameneko tsiku loyamba ndi domingo, tsiku la Ambuye, ndipo ena onse amalitsata pambuyo. Motero mayina awiriwa atifunsa funso sabata lililonse: kodi sabata lako limayambira pa kapitawo, kapena limayambira pa Mulungu? Komabe chilankhulo chathu sichidalephere ayi, pakuti tsiku lopatulikalo chidalipatsa dzina lotchuliratu mwini wake: Lamulungu.

Eklezia nayenso ali ndi kawerengedwe kake ka chaka, ndipo sikali kutali ndi ka makolo athu monga ena aganizira. Pasaka, chikondwerero choposa zonse, sakhala pa deti limodzi, chifukwa amatsata mwezi wakumwamba. Amagwa Lamulungu lotsatira mwezi wathunthu woyamba kuyambira pa 21 Malichi, kotero kuti sangafulumire kuposa pa 22 Malichi kapena kuchedwa kuposa pa 25 Epulo. Kalendala imene tidapachika m'nyumba zathu idakonzedwa ndi Papa Gregório XIII mu 1582, pofuna kuti Pasaka asachoke m'nyengo yake. Chaka chimenecho anthu a ku Roma ndi a ku Portugal adagona pa 4 Okutobala nadzuka pa 15 Okutobala. Masiku 10 adafafanizidwa papepala, koma tambala adalira monga mwa masiku onse, ndipo palibe khanda limene lidakula msanga kapena nkhalamba imene idabwerera ubwana. Pepala ndi la anthu, tsiku ndi la Mulungu.

Taonaninso m'mene chaka cha Eklezia chidakhalira bwino pa nthaka yathu ino. Adventi, nyengo yodikira, imatipeza maso ali kumitambo. Kumaiko kumene kalendala idakonzedwa Khirisimasi imagwa m'chisanu, koma kuno Mwana amabadwa makasu ali m'manja, tikupalira. Lenti imafika mu Febuluwale kapena Malichi, nkhokwe zitapepuka, pamene mabanja ambiri amasala chakudya asanauzidwe ndi munthu. Ndipo Pasaka amadza pamodzi ndi dowe ndi maungu. Pa 2 Novembala, pamene tikumbukira akufa onse ndi kulambula kumanda, mizere ili kale m'minda ndipo mbewu ili pafupi kukwiriridwa. Ndani angaphunzitse za kuuka kwa akufa kuposa mayi amene akuponya njere zake zomaliza m'phando? Ngakhale phulusa limene timalandira pamphumi Lachitatu la Phulusa silichokera kutali. Ndi masamba a kanjedza omwe aja tidagwedeza ndi nthungululu chaka chatha, atauma natenthedwa. Chimwemwe cha dzana chasanduka phulusa la lero, ndipo Eklezia sachita manyazi kutipaka phulusalo poyera.

Koma gawo lalikulu la chaka cha Eklezia lilibe chikondwerero chachikulu. Masabata 33 kapena 34 ndi a nyengo wamba ya pachaka, pamene wansembe amavala zobiriwira, ndipo tchalitchi sichidzaza monga chadzazira lero. Nyengo imeneyi ndi yoposa theka la chaka. Apa Eklezia atiphunzitsa kuti chikhristu chimakulira m'masiku opanda alendo, monga chimanga chimakula usiku mwini munda ali m'tulo.

Tsopano, abale anga, titembenuke tione zinthu zimene zidaoneka ngati sizidzatha. Ku Mano, m'chigawo chathu chino cha Tete, kudali likulu la Undi, ndipo minyanga ya njovu ndi mitulo yamitundumitundu zinkapita kumeneko. Lero Kalonga Gawa Undi amakhala ku Mkaika, kufupi ndi Katete, ndipo ndife amene timaoloka malire mu Ogasiti kupita ku Kulamba. Boma la Apwitikizi, ndi msonkho wake, chibalo chake ndi palmatória yake, lidaoneka ngati phiri. Pa 25 Juni 1975 mbendera yake idatsika. Mayina a mizinda adasintha: Lourenço Marques idasanduka Maputo, Vila Coutinho idasanduka Ulongwe, ndipo kutsidya kwa malire Fort Jameson idasanduka Chipata. Midzi ndi minda ya m'mbali mwa Zambezi idamira pamene damu la Cahora Bassa lidatsekedwa mu 1974. Ndalama nazo, zimene timazikhulupirira kuposa abale athu, zaoneka msinkhu wake. Escudo idachoka mu 1980, m'malo mwake mudalowa metical. Mu 2006 metical idataya maziro atatu, ndipo mu 2013 kwacha ya ku Zambia idachita chimodzimodzi. Amene adakwirira ndalama m'mbiya kuti adzadye ku ukalamba adafukula mapepala.

Tisaganize kuti nyumba ndi ntchito za Eklezia zidalambalalidwa. Ajezuiti adamanga Boroma m'zaka za m'ma 1880, pambuyo pake Miruru kufupi ndi Zumbo, ndiponso Lifidzi ku Angónia. Mu 1910 boma latsopano la ku Lisboa lidalamula kuti achoke, ndipo ena mwa iwo adaoloka Luangwa nakayamba mishoni ya Katondwe. Dayosizi ya Tete idakhazikitsidwa mu 1962. Patangopita zaka 13, pa 24 Julayi 1975, masukulu ndi zipatala za mishoni zidalowa m'manja mwa boma, ndipo amishonale ambiri adabwerera kwawo. Padali madera amene adatha zaka osaona wansembe. M'masiku amenewo, mu 1977, Eklezia wa m'Mozambique adasonkhana ku Beira nagwirizana kuti moyo wake ukhazikike m'miphakati, ndi kuti akhristu eni ake asenze mautumiki: wina kutsogolera mapemphero, wina kuphunzitsa katekisimu, wina kuyendera odwala, wina kuika maliro. Ambuye Paulo Mandlate, amene adaweta dayosizi ino kuyambira 1976 mpaka 2009, adatsogolera nkhosa zobalalika m'zaka zowawa zimenezo.

Nkhondo idatipeza kawiri. Mu 1968 nkhondo yomenyera ufulu idalowa m'chigawo cha Tete kudzera m'malire omwewa a Zambia, ndipo anthu ambiri adachotsedwa m'midzi ya makolo awo nasonkhanitsidwa m'ma aldeamento. Ufulu utadza, tisanapume bwino, idabuka nkhondo yachiweniweni. Pa 30 Okutobala 1985, ku Chapotera kufupi ndi Lifidzi, Bambo João de Deus Kamtedza ndi Bambo Sílvio Moreira adaphedwa. Midzi idasanduka mabwinja. Ena adathawira ku Zambia, mpaka ku Ukwimi kupitirira Petauke. Ena adathawira ku Malawi, kumene othawa nkhondo adafika pafupifupi 1,000,000. Pangano la mtendere lidasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, m'chaka cha chilala choopsa, ndipo amene adabwerera adapeza mitengo itamera pamene padali mafuwa.

Nanga chidatsala n'chiyani? Pothawa palibe amene adasenza tchalitchi pamutu. Mabenchi adatsala, mabuku ena adapsa, ena adadyedwa ndi chiswe. Chimene chidaoloka malire ndi kubwereranso ndi chija chinkachitika tsiku ndi tsiku mpaka kulowa m'magazi. Chizindikiro cha mtanda asanasambe m'manja kuti adye. Mayi wophunzitsa mwana mapemphero uku akuvundula nsima. Korona yothothoka mikanda, yomangidwanso ndi ulusi wa thumba. Katekista womenya chitsulo cha gudumu la galimoto chopachika pamtengo, kuti anthu adziwe kuti kwacha Lamulungu ngakhale wansembe kulibe. Kope lakuda ndi utsi m'mene adalembamo mayina a ana obatizidwa ali pafupi kufa ndi a akhristu oikidwa m'dziko la eni. Ndiponso posachedwa pompa, mu 2020, pamene matchalitchi adatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19 ndipo Pasaka tidamchitira m'makomo, mabanja amene adazolowera kupemphera pamodzi sadasowe pogwira.

Amayi adziwa bwino zimene ndikunena. Chimanga cha makolo chimene ena mwa inu mukusungabe, palibe njere yake ngakhale imodzi imene yakhala zaka 100. Njere ikasungidwa m'chikwatu zaka zambiri imafumbwa, ndipo siimera. Mbewu idakhalitsa chifukwa chaka chilichonse wina adasankha zitsononkho zabwino, nazipachika pamwamba pa moto kuti utsi uziteteze, nazikwirira mvula itagwa. Moto nawo, masiku amene machesi adali osowa, sunkazima m'mudzi, osati chifukwa chikuni chimodzi chinkayaka kosatha, koma chifukwa m'mawa uliwonse mwana ankatumidwa ndi phale kukapala moto kwa anansi. Chikhulupiriro chathu chidafika kwa ife mwa njira yomweyo. Chidadutsa m'manja mwa anthu otha, m'nyumba zotha, m'masiku otha.

Munthu akazindikira kuti zonse zimapita, pali maenje awiri amene angagweremo. Loyamba ndi la amene akuti, popeza mawa sitilidziwa, tidyeretu. Ameneyu akagulitsa fodya amasowa pakhomo sabata lathunthu, ndipo pobwera m'thumba mulibe ngakhale za mchere. Dzenje lachiwiri ndi la amene akuti nthawi ilipo: ukwati ndidzadalitsa chaka chamawa, m'bale wanga ndidzagwirizana naye tikakolola, kukalapa ndidzapita ndikakalamba. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndiponso chakudza sichiimba ng'oma. Ndi angati amene tawaika m'manda mawu achikhululuko akali m'kamwa mwa abale awo? Awiri onsewa alakwira chinthu chimodzi, ndicho tsiku la lero: woyamba aliwononga, wachiwiri alinyoza. Kumbukirani Aisraele m'chipululu muja. Mana ankagwa m'mawa uliwonse, ndipo aliyense ankatola zokwanira tsiku limenelo; amene adaunjika za mawa adapeza mphutsi, kupatula pokonzekera tsiku lopuma. M'pemphero limene Ambuye adatiphunzitsa, chakudya chimene timapempha ndi cha tsiku limodzi lokha. Mulungu amapereka nthawi monga mayi wanzeru amatapa ufa m'dengu: wokwanira mphika wa lero.

Ndinene tsopano chimene chikundidetsa nkhawa, pakuti chikondwerero chopanda choonadi ndi phokoso chabe. Lero pafupifupi aliyense ali ndi foni m'thumba, yonena ola ndi mphindi mosalakwa, koma sitidachedwepo ku mapemphero monga tichedwera masiku ano. Fodya watithandiza kugula malata ndi njinga ndi kulipirira ana sukulu, ndipo sindimunyoza. Koma ntchito yake ilibe Lamulungu. Kuthirira nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka, kusankha, kudinda mabelo: mwini munda akapanda kuikapo malire, chaka chimatha osapuma, iye ndi ana ake ndi aganyu ake omwe. Anyamata apita kumigodi ya golide, ena ku Tete ndi ku Moatize, kumene masiku onse afanana. Madzulo banja limakhala pamphasa imodzi, koma aliyense maso ali pa kagalasi kake, ndipo agogo, amene adali mwini nthano, angokhala chete mpaka tulo. Nkhondo idalephera kutilanda Lamulungu ndi pemphero la madzulo, chifukwa mdani woonekera amadzutsa mtima. Chimene chikutilanda tsopano chilibe mfuti. Chimatenga tsiku limodzi lokha, ndipo timati tsiku limodzi siliwoza mbewa. N'zoona; koma masiku 36,500 aja adapangidwa ndi masiku amodziamodzi otere, ndipo angathenso kutha mwa njira yomweyo.

Choncho ndili ndi mapempho, ndipo palibe limene lifuna ndalama.

Kwa makolo: nsima isanafike pamphasa madzulo, mafoni agone pansi, ndipo banja lipemphere pamodzi, ngakhale mwachidule. Mwana wamng'ono ndiye atsogolere. Zimene mwana anena usiku uliwonse kwa zaka 10 adzazinena ali kumgodi, ali m'chipatala, ali pa mphasa yake yomaliza.

Kwa atsogoleri a miphakati: belu lilire, kapena chitsulo, kapena ng'oma, m'mawa, masana ndi madzulo, pa nthawi ya pemphero la Mngelo wa Ambuye. Amene ali kudimba aimike khasu kamphindi. Ndipo Lamulungu limene wansembe sadafike tisamalitche Lamulungu lopanda kanthu. Masiku otere ndiwo adasunga parishi ino pamene zonse zidagwa.

Kwa alimi ndi olemba anzawo ganyu: sabata lanu liyambire pa Mulungu. Fodya wothyoledwa Lolemba sasiyana mtengo ndi wothyoledwa Lamulungu. Wantchito wanu ndi munthu, ng'ombe zanu zokoka ngolo nazo zili ndi msana.

Pempho lomaliza ndi la changu, ndipo ndilipereka kwa achinyamata odziwa kulemba. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalo limauma. Pakati pathu pakali agogo amene akudziwa mayina a akatekista akale a midzi ino, a amayi amene ankabisa mabuku a mapemphero m'nkhokwe, a akhristu amene adagona ku Ukwimi ndi kumisasa ya ku Malawi, ndi a ena amene manda awo ali m'thengo mopanda mtanda. Mayina amenewa sali m'kaundula wa parishi, ndipo sali m'buku lino la chikondwerero. Ali m'mitu ya anthu amene chaka chilichonse tikuwaperekeza kumanda mmodzimmodzi. Mphakati uliwonse ugule kope limodzi. Pitani kwa agogo mvula isanagwe, khalani pansi, funsani mwaulemu, lembani dzina, mudzi ndi chaka ngati chikumbukika. Pa 2 Novembala tidzawerenge mayinawo mokweza m'matchalitchi athu onse. Tikazengereza zaka 10, sipadzakhala wofunsa, ndipo madzi akatayika sawoleka.

Ndisanakhale pansi ndilankhule ndi inu amene mwabwera kuchikondwerero chino ndi mtima wolemera. Alipo amayi amasiye amene chaka chatha adakhala pa benchi limodzi ndi amuna awo. Alipo makolo amene adaika mwana m'dzinja lapitali. Kwa inu kutha kwa zinthu si phunziro la pamsonkhano. Mumakuona m'mawa uliwonse poyala mbale zochepera. Sindikuuzani kuti muiwale, ndipo Eklezia sakuuzani zimenezo. Chimene tikhulupirira ndi chakuti Mwana wa Mulungu adalowa m'masiku athu omwewa. Zaka pafupifupi 30 adakhala ku Nazarete mosadziwika, akudzuka ndi tambala, akugwira ntchito ya manja, akupita ku nyumba ya mapemphero tsiku la Sabata, ndipo za zaka zimenezo zidalembedwa zochepa kwambiri. Ngati Iye sadanyoze masiku wamba, ndiye kuti palibe tsiku la wokondedwa wanu limene lidatayika. Madzi amene adatunga, mwana amene adalera, odwala amene adayendera, zonsezo kwa ife zidapita, koma kwa Mulungu, amene alibe dzulo kapena mawa, zili pamaso pake.

Mawa kudzakhala Misa yaikulu. Kudzakhala ng'oma, nthungululu ndi nyama, ndipo tiyenera kukondwa ndi mtima wonse, pakuti amene adatsogola adalira kuti ife tiseke. Mkuja alendo adzakwera magalimoto, zisakasa zidzaphwasulidwa, nsalu za nambala 100 zidzachapidwa, ndipo pakapita nthawi zidzasuluka n'kusanduka mbereko. Lidzakhala Lolemba. Amayi adzapita kumjigo, abambo kudimba, ana kusukulu. Tsiku limenelo ndilo loyamba la zaka 100 zachiwiri, ndipo lili m'manja mwathu monga masiku oyamba adali m'manja mwa makolo athu. Tilisunge bwino, ndipo likatha tilandire linzake.

Mulungu adalitse parishi yathu, apatse mpumulo wosatha onse amene adaitumikira natsogola, ndipo atipatse mvula yabwino chaka chino.

 Yesu Khristu atamandike.